Maloboti Awiri M'chipululu: Chithunzi cha Ralph McQuarrie ndi Kaphunzitsidwe ka Zojambula

Mabuku ophunzitsa kujambula maloboti achuluka masiku ano, ndipo ena amafika m'manja mwa aphunzitsi kudzera pa intaneti. Njira yawo imakhala imodzimodzi. Pa tsamba loyamba pali bokosi, pa lachiwiri bokosi lija lamera miyendo, pa lachitatu lalandira mutu ndi maso awiri, ndipo pa tsamba lomaliza paima chimunthu chachitsulo chonyezimira, mfuti ili m'manja. Mphunzitsi amene ali ndi ana ambiri ndi nthawi yochepa amaikonda njira imeneyi, pakuti iye amangolemba pa bolodi, ana natsata mzere ndi mzere, ndipo belu likamalira mwana aliyense ali ndi chithunzi m'kope mwake. Koma munthu akayendera makope aja apeza loboti limodzi lomwelo paliponse, ndipo akafunsa mwana chifukwa chimene bondo la loboti lake lakhalira pamene lililo, yankho likhala lakuti ndi mmene analembera aphunzitsi. Kodi mwana wotereyu waphunzira kujambula chinthu cha m'maganizo mwake, kapena wangophunzira kukopera? Funsoli liyankhidwa bwino poyang'anitsitsa chithunzi chimodzi chotchuka, chimene Ralph McQuarrie anapenta kumayambiriro kwa chaka cha 1975, ndi kuona chimene chinachikometsa ndi pamene chinaperewera.

Gwero la dzina

Poyamba mawuwo ayenera kulongosoledwa, pakuti munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe akamva za maloboti aganiza za nyali zija zimene zimaimitsa magalimoto pa mphambano. Tanthauzo limenelo linachokera ku South Africa, kumene nyalizo zimatchedwa chomwecho. Koma gwero lenileni lili kutali. M'chaka cha 1920 mlembi Karel Čapek anasindikiza sewero lotchedwa R.U.R., limene linaonetsedwa mumzinda wa Prague mu 1921. M'seweromo muli antchito opangidwa m'fakitale, amene pambuyo pake aukira eni ake. Dzina la antchitowo Karel anapatsidwa ndi mbale wake Josef, amene anali wojambula zithunzi, ndipo Josef analitenga ku mawu a kwawo akuti robota, ndiyo ntchito yokakamizidwa imene alimi osauka ankagwirira eni minda kufikira chaka cha 1848. Wodziwa mbiri ya minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu sadzavutika kupeza mawu ofanana nawo, pakuti imeneyo ndiyo thangata, imodzi mwa nkhani zimene zinawawa John Chilembwe ndi anthu ake kufikira anaukira mu 1915.

Tsono loboti, potsata dzina lake, ndi chinthu chopangidwira ntchito. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kwa wojambula, chifukwa chinthu chopangidwira ntchito chimaonetsa ntchitoyo m'thupi mwake. Munthu amene sanaonepo khasu angathe kuzindikira, poona mpini ndi kupindika kwa chitsulo, kuti chipangizochi n'chokumbira pansi.

Chichewa chilinso ndi mwayi wina umene Chingerezi chilibe pa mawu amenewa. Wolankhula angathe kunena kuti "loboti lija lagwa," monga anenera za dengu kapena khasu, ndipo angathenso kunena kuti "loboti uja wagwa," monga anenera za Kalulu wa m'nthano. Kusankha pakati pa ziwirizi kumaulula ngati wolankhulayo akuona chitsulo chabe kapena akuona china chake chokhala ngati chili ndi moyo. Nkhani imeneyi ibweranso kumapeto.

Wojambula ndi chithunzi chake

Ralph McQuarrie anabadwa mu 1929 ku Gary, m'dera la Indiana ku America, namwalira mu 2012. Asanayambe za kanema anagwira ntchito ku kampani ya ndege ya Boeing, kumene ankajambula ziwalo za makina mwatsatanetsatane, ndipo pambuyo pake anajambulira wailesi ya kanema ya CBS zithunzi zolongosola maulendo a Apollo opita ku mwezi. Pamene George Lucas ankafuna ndalama zopangira filimu ya Star Wars, anapeza kuti akuluakulu a makampani sankatha kuona m'maganizo mwawo zimene iye analemba. Analemba ntchito McQuarrie kuti azipente, ndipo zithunzizo zinathandiza kukopa kampani ya 20th Century Fox. Filimuyo inatuluka mu 1977.

Chithunzi choyamba chimene anamaliza ndi cha maloboti awiri, C-3PO ndi R2-D2, ali m'chipululu. Kutsogolo kwaima loboti lalitali, lowonda, la mtundu wa golide, looneka ngati munthu, nkhope yake itapenya kwa woyang'ana chithunzicho. Chakumbuyo kwake kuli lina lalifupi, la thupi longa mgolo ndi mutu wobulungira. Ponseponse pali mchenga ndi matanthwe, ndipo palibe munthu, nyumba kapena mtengo.

Zokoma zake

Chokoma choyamba ndi kusiyana kwa matupi awiriwo. Wina ataphimba zonse za m'kati mwawo ndi makala, kutsala mithunzi yakuda yokhayokha, palibe amene angawasokoneze, pakuti aima ngati munsi ndi mtondo. Diso la munthu limayamba kuzindikira chinthu ndi mzere wake wakunja, lisanaone mabawuti ndi mawaya, monga mayi azindikira mwana wake ali patali madzulo poona msinkhu ndi kayendedwe. Wojambula wosazolowera amathamangira kudzaza thupi la loboti ndi timabatani, poganiza kuti kuchuluka kwa timabatani ndiko luso. McQuarrie anayamba wakonza mzere wakunja, ndipo zokongoletsa zinabwera pambuyo, zili zochepa.

Chachiwiri ndi kudziwa kwake chikhalidwe cha chitsulo. Nsalu kapena dothi zimalandira kuwala pang'onopang'ono, kuchoka poyera kunka pakuda mosadumpha. Chitsulo chosalala sichitero. Chimakhala ngati kalirole wopindika: kumtunda chimatenga kuyera kwa thambo, kunsi chimatenga mtundu wa nthaka, ndipo kuyera kwenikweni kumagundana ndi kuda kwenikweni popanda chapakati. Aliyense angaone zimenezi pa belu la njinga kapena pa ketulo yotsukidwa bwino. McQuarrie ankagwiritsa ntchito utoto wa madzi wokhuthala, wosaonetsa pepala kunsi kwake, umene umalola kuika kadontho koyera pamwamba pa pakuda. Chifukwa cha kusiyanitsa kotereku, golide wa loboti lake amaoneka wolimba ndi wolemera, ngakhale m'chithunzimo mulibe golide, muli utoto wachikasu, wofiirira, wakuda ndi woyera basi.

Chachitatu ndi malo. Mabuku aja amasiya loboti lili lendelende pakati pa pepala loyera, lopanda nthaka yopondapo, kotero kuti palibe angadziwe ngati ndi lalikulu ngati nyumba kapena laling'ono ngati chitini. McQuarrie anapereka gawo lalikulu la chithunzi chake kwa chipululu. Zakutali anazipenta zotuwa ndi zosaoneka bwino, monga phiri la Mulanje limaonekera kwa munthu amene ali nalo kutali, ndipo zapafupi anazipatsa mitundu yolimba. Kukula kwa chipululucho ndiko kumasimba nkhani. Zipangizo ziwiri zopangidwira kutumikira anthu zili kumalo kopanda munthu woti zimtumikire, ndipo woyang'ana amayamba kufunsa yekha kumene zachokera ndi kumene zikupita.

Chachinayi, chimene chiposa zonse, ndi nkhope. Ili ndi maso awiri obulungira ndi kakamwa kakang'ono, ndipo siseka, silira, sikwiya. Komatu Anthony Daniels, amene anavala chovala cha C-3PO m'filimuyo, wanena kawirikawiri kuti poyamba sankaifuna ntchitoyo, ndipo chimene chinamtembenuza mtima ndi nkhope ya m'chithunzichi, imene inamuonekera ngati ya wosowa pogwira. Chisoni chimenecho wojambula sanachilembe pa milomo kapena pa zikope. Chikuchokera ku kaimidwe ka thupi, kapenyedwe ka mutu, ndi kusungulumwa kwa malowo. Amene anaonapo nkhope zosemedwa zosungidwa ku Kungoni, ku Mua, adziwa kuti nkhope ya mtengo siisintha, koma pabwalo imaoneka yaukali kapena yachifundo monga mwa kupendeketsa kwa khosi ndi kaponyedwe ka mwendo. Wojambula amene wamvetsa zimenezi safunika kupatsa loboti lake mano kuti liopse kapena misozi kuti limvetse chisoni.

Pamene chinaperewera

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzichi chili ndi zofooka zake, ndipo mphunzitsi aphunzira zambiri pa zofookazo monganso pa zokoma.

Loboti la golide si la McQuarrie yekha. Lucas anamlozera ku loboti la m'filimu ya ku Germany ya Metropolis, ya Fritz Lang, ya mu 1927, ndipo kufanana kwa awiriwo n'koonekeratu. Loboti la Metropolis linapangidwa ndi wosema Walter Schulze-Mittendorff, amene anayamba waumba chikombole cha thupi la Brigitte Helm, mkazi amene anadzalivala, naumba ziwalo za lobotilo pamwamba pa chikombolecho. Ndiko kunena kuti thupi lake linatsata thupi la munthu wolivala, osati ntchito imene linayenera kugwira. Chilema chimenechi chinalowanso mwa C-3PO. M'nkhani ya filimu iye ndi womasulira ziyankhulo, koma palibe chiwalo chake chimene chimaulula zimenezo. Atapatsidwa ntchito yoperekera tiyi kapena yolondera pakhomo, thupi lomwelo likanakwanira. Mayeso aja a khasu, loboti ili lawalephera.

Ndiponso mfundo za thupi lake zinakomera diso kuposa mmene zikanagwirira ntchito. Pamene amisiri anapanga chovala chenicheni, chinatuluka chouma, kotero kuti Daniels ankayenda timasitepe tating'ono, ndipo sankatha kukhala pansi atachivala chonse. Kuyenda kovutikako kunasanduka khalidwe limene anthu anakondwera nalo, koma umenewo unali mwayi chabe. Papepala chigongono chingapindike mmene wojambula afunira, pakuti pepala silitsutsa.

Loboti lalifupi lija ndilo lili ndi nzeru zambiri, ngakhale lili kumbuyo. Ntchito yake ndi kukonza makina, ndipo thupi lake ndi bokosi la zida loyenda lokha, la timakomo motulukira timikono. Ilonso linali ndi makolo ake, ndiwo timaloboti titatu ta m'filimu ya Silent Running ya mu 1972. McQuarrie anayesa njira zingapo asanakhazikike. M'zojambula zake zoyamba analiyendetsa pa mpira umodzi waukulu, kenaka anausiya nalipatsa miyendo. Ganizo la mpira linagona zaka makumi anayi, nilidzaonekanso mu 2015 pa loboti lotchedwa BB-8. Mabuku a masitepe asanu ndi limodzi sanena kanthu za zojambula zotayidwa zotere, ndipo mwana amakula akuganiza kuti katswiri amakhoza ulendo woyamba.

Chofooka china ndi ukhondo. Loboti loyenda mumchenga liyenera kukhala ndi fumbi m'mfundo ndi zokalika m'mapazi, koma la m'chithunzichi likunyezimira ngati langotuluka m'sitolo. Opanga filimu anakonza zimenezi pamene ankajambula ku Tunisia mu 1976. Lucas anafuna kuti zinthu zonse zioneke zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo Roger Christian, wokonza malo ojambulira, anagula zidutswa za ndege zakutha nazimata m'makoma ndi m'makina. C-3PO wa m'filimu ndi wothimbirira, ndipo mwendo wake umodzi kunsi kwa bondo ndi wa siliva, wosafanana ndi unzake. Mwendo umodzi umenewo umasimba mbiri yonse ya kuthyoka ndi kukonzedwa, monga njinga ya kabaza imene foloko yake inachokera ku njinga ina.

Ojambula awiri a ku Japan

Kuti chiweruzo chikhale cholungama, chithunzi cha McQuarrie chiyenera kuikidwa pambali pa ntchito za ena amene anayenda njira zosiyana.

Osamu Tezuka, amene anabadwa mu 1928 namwalira mu 1989, anayamba mu 1952 nkhani ya zithunzi yotchedwa Tetsuwan Atomu, imene maiko ena amaidziwa kuti Astro Boy, ndipo inalowa pa wailesi ya kanema mu 1963. Loboti lake ndi kamnyamata ka maso aakulu ndi thupi lobulungira, kopanda mabawuti ooneka. Wina angati Tezuka sanasamale za makina, koma nkhani yake ndiyo imalamula thupilo. Atomu anapangidwa ndi katswiri amene mwana wake anafa pa ngozi, kuti alowe m'malo mwa mwanayo, ndipo pambuyo pake katswiriyo anamkana poona kuti sakukula. Ntchito ya loboti limeneli inali kukhala mwana, choncho linayenera kuoneka ngati mwana. Pamutu pake pali nsonga ziwiri zimene zimaoneka zonse mutu ukatembenukira kulikonse. Pa chinthu chogwirika zimenezi sizingatheke, koma papepala zimachititsa kuti mthunzi wake uzindikirike msanga.

Hayao Miyazaki, m'filimu yake ya Laputa ya mu 1986, anajambula maloboti aatali, a mikono yofika pafupi ndi pansi, a kamutu kakang'ono ndi maso awiri osalingana kukula. Ena mwa iwo ndi asilikali oopsa, koma pa chilumba chouluka chimene anthu anachisiya kalekale pali limodzi limene likusamalabe munda. Ndere zamera pa mapewa ake, limateteza chisa cha mbalame, ndipo limapita ndi maluwa ku manda. Thupi n'lofanana ndi la asilikali aja, ndipo chosiyanitsa ndi ndere, kuyenda mofatsa, ndi chimene manja agwira. Pano Miyazaki anapambana McQuarrie, pakuti anaonetsa zaka za lobotilo ndi ntchito yake pa thupi lenilenilo, popanda kudikira kuti wina adzawonjezere.

Ojambula atatuwa sagwirizana pa kalembedwe ka mizere, koma agwirizana pa chimodzi. Aliyense anadziwa chimene loboti lake linapangidwira, kumene likhala, ndi zimene lakumana nazo, ndipo pamene mmodzi anaiwala funso limodzi mwa atatuwa, pomwepo ndi pamene chithunzi chake chinafooka.

Kodi kukopera n'kulakwa?

Mphunzitsi wina angatsutse, nati: McQuarrie yemweyo anatengera Metropolis, ndipo wophunzira kusema kapena kuumba mbiya amayamba ndi kutsanzira mbuye wake, nanga mwana wa Sitandade 4 alakwa chiyani potsata bolodi? Mawu amenewa ali ndi choonadi. Kukopera kumaphunzitsa dzanja, ndipo mwana wamanyazi, amene amaopa pepala loyera, amalimba mtima akaona kuti watulutsa chinthu chozindikirika. Masitepe aja amaphunzitsanso mfundo yoona, yakuti chinthu chilichonse chovuta chingagawidwe kukhala bokosi, mpira, chitini ndi nsonga.

Komatu McQuarrie anafika pa loboti la Metropolis ali ndi zaka zambiri zojambula makina enieni, kotero kuti anadziwa chotenga ndi chosiya. Woumba mbiya naye amatsanzira ali ndi dongo m'manja, ndipo mbiya ikang'aluka pamoto amaphunzira chifukwa chake. Mwana wokopera pa bolodi alibe chimene chingamdzudzule chomwecho, pakuti akujambula chithunzi cha chithunzi. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ithandiza pano. Iye anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo pa chikuto cha buku la mu laibulale, ndipo mu 2002 anamanga ake ndi njinga yakutha, chopemerera injini ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Chithunzicho chinamuutsa maganizo, koma chinagwera mwa mnyamata amene anali atamasula kale mawailesi ndi kufufuza mmene dainamo ya njinga imayatsira nyali. Tsono kukopera kuli ndi malo ake, ndipo malowo ali pambuyo pa kupenyetsetsa.

Zimene zingachitike m'kalasi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Phunziro la maloboti lisathe tsiku limodzi, ndipo tsiku loyamba pasajambulidwe loboti konse. Ana apite ku mjigo, kapena mphunzitsi abweretse njinga, simbi ya makala, kapena mpeni wopinda, ndipo ajambule malo amene chitsulo chikumana ndi chinzake n'kuyenda. Apeza kuti mfundo zili za mitundu yowerengeka: ina imapindikira mbali imodzi, monga mahinjesi a chitseko ndi chigongono cha munthu, ina imazungulira, monga gudumu, ina imatembenukira ponseponse, monga phewa, ina imalowa ndi kutuluka, monga pampu ya njinga. Ana amene amapanga magalimoto a waya amadziwa kale zambiri za izi, pakuti galimoto yawo siyenda ngati chiwongolero sichinalumikizidwe bwino ndi magudumu a kutsogolo. Ana otere ndiwo ayenera kulongosolera anzawo.

Tsiku lina ajambule zamoyo zimene mafupa awo ali kunja: nkhanu, chiwala, chiswamphika. Mwendo wa chiwala ndi phunziro lathunthu la makina odumphira, ndipo chigoba cha kamba chionetsa mmene zidutswa zolimba zimalumikizirana kuti ziteteze zofewa.

Pamenepo ndi pamene loboti lingabwere, ndipo libwere ndi ntchito yake. Mphunzitsi asanene kuti "jambulani loboti," koma atchule chosowa: lotunga madzi pa chitsime chakuya, lopalira chimanga osathyola mapesi, lovuula ukonde kunyanja, loingitsa mbalame m'munda wa mpunga, lonyamula wodwala kupita naye ku chipatala nthawi ya dzinja milatho itakokoloka. Mwana aliyense ayankhe mafunso asanagwire pensulo. Liyenda pa matope, pa miyala kapena pa madzi? Mphamvu lizitenga kuti? Likanyamula katundu kutsogolo, n'chiyani chiliteteze kuti lisagwe chafufumimba? Lifunikadi mutu, kapena diso limodzi pa nsonga ya ndodo likwanira? Mafunso otere amachotsa mfuti ija m'manja mwa loboti popanda mphunzitsi kuiletsa, ndipo amatsegulira khomo mwana aliyense, mtsikana ndi mnyamata, pakuti palibe amene sadziwa kulemera kwa ndowa ya madzi.

Kenaka ajambule ndi makala timithunzi tating'ono takuda, tambiri pa pepala limodzi, nasankhe kamodzi kokha kokulitsa. Pepala la thumba la simenti kapena katoni yophwasula zikwanira, ndipo pepala lofiirira lotere lili ndi ubwino wake, pakuti makala amapereka mthunzi, choko chimapereka kuwala, ndipo pepalalo limakhala mtundu wapakati. Katondo wosungunula m'madzi ndi dzimbiri labwino koposa, mwaye ndi girizi, ndipo kamtengo kotafuna kunsonga ndi burashi. Dzimbiri lisapakidwe paliponse. Ana ayang'ane pa mjigo kuti aone kuti pamene manja amagwira tsiku ndi tsiku pamanyezimira, pamene madzi amaima ndi pamene pamachita dzimbiri. Pomaliza aike nthaka pansi pa mapazi, mthunzi kumbali yosiyana ndi dzuwa, ndi munthu kapena mbuzi pafupi, kuti msinkhu udziwike.

Pochonga, mphunzitsi achenjere ndi chizolowezi chopereka malikisi ambiri ku chithunzi chaudongo chofanana ndi cha m'filimu. Chithunzi chokhotakhota chimene mwini wake angalongosole chiwalo chilichonse chili patsogolo pa chosalala chimene mwini wake sadziwa kanthu za icho. Kalasi ikaphunzitsidwa bwino, makope sadzafanana, ndipo kusafanana kumeneko mphunzitsi asakuyese chisokonezo.

Chiweruzo

Chithunzi cha McQuarrie chiyenera ulemu umene chimalandira, chifukwa cha mizere yake yomveka, kuwala kwa chitsulo, kukula kwa chipululu, ndi nkhope ija yosanena kanthu imene inagwira mtima wa munthu. Chinaperewera pa kuonetsa ntchito ndi zaka za loboti la golide, ndipo pamenepo Miyazaki ndiye mphunzitsi wabwino. Koma ngakhale zoperewerazo n'za munthu amene ankaganiza pa mzere uliwonse, pamene loboti la m'mabuku a masitepe lilibe choperewera chophunzitsa kanthu, popeza palibe funso limene linayesa kuyankha.

Mayeso otsiriza mphunzitsi awapeza m'chiyankhulo cha ana omwewo. Apachike zithunzi pa khoma, akhale chete, namvetsere mmene akukambirana. Pa zithunzi zina adzati, "ili lili ndi miyendo inayi," ndipo pamenepo mwana wajambula makina, chimene chili chiyambi chabwino. Koma pa chithunzi china mwana wina adzaloza nati, "uyu watopa, wakhala akutunga madzi kuyambira m'mawa." Pamene mawu asintha okha chomwecho, kuchoka pa "ili" kufika pa "uyu," mwini chithunzicho wachita ndi makala ndi katondo chimene McQuarrie anachita ndi utoto wake mu 1975, ndipo dzina lake mphunzitsi alisunge, kuti adzampatse pepala lalikulu sabata yotsatira.